Tsiku Limene Tinakolola Chimanga cha Amalume

Mbeta ndinakafunsira pakhomo lolakwika. Mkazi yekha ndinasankha bwino, ndi yemweyu ndili naye mpaka lero, koma khomo limene ndinagogoda anthu akuno sagogodapo.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku South Bend, mzinda wina kuno kutsidya kwa nyanja, ndikugwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba ina yaikulu kufupi ndi chipatala. Bwenzi langalo linali namwino pamalo omwewo, mtsikana wobadwira konkuno ku Indiana. Titagwirizana zomanga banja, ndinamufunsa funso limene mwamuna aliyense wa kwathu ku Dedza akanafunsa: "Kodi amayi ako ali ndi alongo awo?" Anati alipo amodzi, mlimi, amakhala pa famu mtunda wa ola limodzi ndi theka pagalimoto. Sanafunse kuti ndikufuniranji kudziwa, inenso sindinafotokoze, poti ndinkaona ngati n'zodziwika dziko lonse lapansi kuti mwini wake wa mwana wamkazi ndi amalume ake. Bambo amangolandira uthenga.

Loweruka lina ndinatenga mkulu wina wa kutchalitchi kwathu, Mmalawi mnzanga wa ku Ntcheu, kuti akandilankhulire. Tinavala masuti ndi nsapato zopolisha, n'kuyenda msewu wowongoka ngati chingwe pakati pa minda, mpaka tinaona nyumba yoyera ndi nkhokwe zitatu zachitsulo. Eni nyumba tinawapeza atagona chagada pansi pa makina okololera, miyendo yokha ikuoneka. Tinadikira. Miyendo sinasunthe. Mkulu uja, poona kuti dzuwa likupita, anagwada pa udzu n'kuyamba kulankhula ndi miyendoyo m'Chingelezi chaulemu chimene anaphunzira ku mishoni. Anati tabwera ife chifukwa tambala wathu waona msoti m'banja lino.

Miyendo inakoka thupi lonse. Panatuluka munthu wamtali, wowonda, wa makutu aakulu ofiira ndi dzuwa. Anatiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Nkhuku ndinasiya kuweta kalekale," anatero. "Mukugulitsa chiyani? Kapena ndinu a mpingo?"

Mkulu uja anafotokoza mosabisanso mawu: mnyamata uyu akufuna kukwatira mwana wa mlongo wanu, ndipo tabwera kudzapempha kwa inu. Amalumewo anapukuta manja pa nsanza, chala chimodzichimodzi.

"Bambo ake akudziwa?"

Ndinati ayi.

"Ali moyotu. Amakhala ku South Bend komweko mwachokera, misewu inayi kuchokera kumene mwanayo amagwira ntchito."

Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lambiri, n'kugawirako mkulu wa mpingo. Ndinayamba kupepesa kuti tizipita, koma iwo anakweza dzanja.

"Dikirani kaye. Ndiye kuti kwanu, munthu ngati ine, wopanda mkazi, wopanda mwana, ali ndi mawu pa ana a mlongo wake?"

"Mawu onse," anayankha mkulu uja. "Timamutcha mwinimbumba."

Amalumewo anayang'ana kumunda. Kenako anati, "Zaka zonsezi palibe anandiuzako." Anandilozera sipanala imene inali pafupi ndi phazi langa kuti ndiwapatsire, n'kubwerera pansi pa makina. Kuchokera mmenemo mawu anatuluka: "Ngati mwini wake akukufuna, ine ndavomera. Koma kawaone bambo akewo lero lomwe, ndipo usawauze kuti unayambira kuno."

Bwenzi langa litamva nkhaniyi linaseka mpaka ntchefu. Apongozi anga aamuna anaimvabe, sindidziwa kwa yani, ndipo kwa miyezi ingapo ankandipatsa moni wa mano okhaokha. Zinatha mwana wathu woyamba atabadwa.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti amalume anautenga udindo uja ndi manja awiri. Pa ukwati wathu anamukokera pambali mkulu wa ku Ntcheu uja, n'kutulutsa kabuku kamene ankasungira m'thumba la shati, momwe ankalembamo za mvula ndi mbewu. Anamufunsa ntchito ya nkhoswe kuti ndi yotani, n'kumalemba. Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse foni inkalira Lamulungu masana.

"Mkamwini," ankatero. Mawuwo anawaphunzira, ngakhale ankawatchula ngati akutafuna mwala. "Pali mlandu?"

"Palibe, amalume."

"Chabwino. Kuno mvula sinagwe." N'kudula.

Ine ndine munthu wa mabuku, ngakhale sukulu ndinalekezera Fomu 2. Zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha, poyamba ndi nyuzipepala zokulungira zitumbuwa, kenako m'malaibulale akuno, kumene amakulola kutenga mabuku mpaka manja atatopa. Vuto la munthu wodziphunzitsa ndi lakuti sadziwa polekezera. Nditayamba kupita ku famu kuja, ndinawerenga chilichonse chokhudza dera limenelo, ndipo ndinkafika ndili ndi nkhani zoti ndiwauze eni ake. Ndinawauza kuti kale, agogo awo asanafike, dziko lathyathyathya limeneli linali madambo ndi udzu wautali woti munthu wokwera hatchi ankabisika. Anamvetsera bwinobwino, kenako ananditenga pa galimoto yawo yakale mpaka kumapeto kwa munda, m'mbali mwa ngalande. Pamenepo panali kachigawo kosalimidwa, udzu wake wondipitirira mutu, wa ngala zofiirira.

"Ndi uwu?" anafunsa.

Ndinati ndi womwewu.

"Bambo anga sanapalime, inenso sindinapalime. Sindinkadziwa kuti uli m'buku."

Ankandizizwitsa munthu ameneyu. Anabadwira m'chipinda chakumwamba cha nyumba yoyera ija, ndipo ankagonabe m'chipinda chomwecho. Ku Chicago anapitako kamodzi, anati kunali bwino koma sanaone chifukwa chopitiranso. Ine wochokera kumapiri, kumene maso amagunda thanthwe kulikonse ungayang'ane, ndinkachita chizungulire ndi dziko lopanda potsamira maso. Ndinawafunsa ngati sakutopa nalo. Anati, "Lathyathyathya kwa iwe. Apo pali chitunda." Ndinayang'ana kumene ankaloza, sindinaone kanthu. Patapita zaka zitatu mvula yambiri itagwa ndi pamene ndinaona madzi ataima paliponse kupatula pamalo paja.

Moni wawo nawonso unandisowetsa mtendere. Kwathu ukakumana ndi munthu umaima, umafunsa za ana, za odwala, za mbuzi yomwe inathyoka mwendo. Iwo akakumana ndi mnzawo pamsewu, aliyense m'galimoto yake, ankangodzutsa chala chimodzi pa chiwongolero. Ndinafunsa ngati anayambana. Anati ayi, ameneyo ndi mnzawo wapamtima, anakhalira benchi imodzi kusukulu. Ndinafunsa kuti nanga adani amawapatsa moni wotani. Anati womwewo, koma mochedwerapo.

Iwonso ndinkawazizwitsa. Tsiku lina mu Ogasiti ndinalowa m'munda n'kuthyola chimanga chinayi chokhwima bwino, n'kuchiwotcha pa makala kuseri kwa nyumba. Anandipeza ndikukukuta.

"Chimenecho n'cha ng'ombe," anatero mwachifundo, ngati akuuza munthu kuti wavala malaya motembenuza. "Cha anthu chili m'dimba, chotsekemera chija."

Ndinawauza kuti chotsekemera chijacho kwa ife ndi madzi okhaokha, chimanga chenicheni ndi ichi, chofuna nsagwada. Anatenga chimodzi, anatafuna nthawi yaitali, n'kunena kuti mano awo ndi ogula ndipo sanawagulire ntchito imeneyi. Koma chaka chotsatira anandisiyira mizere iwiri m'mbali mwa msewu, n'kumangapo kansalu kofiira. Titasamukira ku Beech Grove, m'mphepete mwa Indianapolis, mkazi wanga atapeza ntchito mumzindamo, ndinkabwera ndi matumba a chimanga chimenecho kutchalitchi cha Amalawi cha kufupi ndi Lafayette Road. Anamwino, aphunzitsi a ku yunivesite, anthu a madigiri awo, ankakanganirana kumbuyo kwa galimoto yanga ngati pa msika wa Lizulu. Amalume nditawauza, analemba m'kabuku kaja, n'kuwonjezera mzere wachitatu.

Tsopano za thirakitala. Kuno chimanga sakolola ndi manja. Makina aakulu, amene amawatcha kombaini, amayenda m'munda akudula mapesi, kusenda ndi kutonola nthawi imodzi. Akadzaza, sayima. Pambali pake pamabwera thirakitala ikukoka ngolo yaikulu, ndipo kombaini imatambasula chitoliro chake n'kumakhuthulira chimanga m'ngolomo zonse zikuyenda. Woyendetsa ngolo ayenera kuyenda liwiro lofanana ndendende ndi la kombaini. Akatsalira, chimanga chimagwera pansi kutsogolo kwa ngolo. Akafulumira, chimagwera kumbuyo. Akayandikira kwambiri, agunda makina a mnzake. Ngolo ikadzaza amathamangira nayo kumsewu kukakhuthulira mu lole, n'kubwereranso.

Amalume ananena kuti andiphunzitsa ntchito ya ngoloyo. Ine, mwa khalidwe langa, ndinapempha buku la thirakitala n'kuliwerenga lonse, mpaka masamba a kumapeto a mayina a zitsulo. Ndinkadziwa mafuta olowa mu injini, ndinkadziwa mpweya wa matayala. Tsiku loyamba ndinaizimitsa kanayi ndisanatuluke pageti, ndipo kachisanu ndinatuluka nalo getilo. Iwo anayang'ana mtengo wa geti uli pansi, anati unali wowola kale.

Nyengo zitatu zokolola ndinayendetsa ngolo pambali pawo. Wailesi yolankhulirana inalipo koma sankaigwiritsa ntchito, ankangoloza ndi dzanja pagalasi. Langizo lawo linali limodzi: usayang'ane ngolo, yang'ana tayala langa lakutsogolo. Zinkayenda bwino, ndipo ndinkabwerera ku Indianapolis ndikudzimva mlimi. Koma mumtima ndinali ndi kachikayiko. Ndinkaona makombaini a anthu ena m'minda yoyandikana akuthamanga, fumbi lili koboo, pamene yathu inkayenda ngati ikuperekeza mkwatibwi. Sindinafunse. Ndinkaopa yankho.

Chaka chatha mu Sepitembala amalume anagwa m'khola la makina, ndipo anawapeza ndi mayi wa famu yoyandikana nayo chakumpoto. Anawatengera ku chipatala china chachikulu ku Indianapolis, mphindi makumi awiri kuchokera kwathu. Madokotala anapeza kuti matenda anali atayenda kale m'thupi monse. Ndinkapitako ndikaweruka kuntchito. Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, choncho kuwatembenuza ndi kuwameta ndevu sizinandivute. Chimene chinandivuta ndi kuwaona akuyang'ana pawindo pomwe pankaoneka khoma la nyumba ina basi.

Tsiku lina anandituma ku famu kuti ndikathyole chimanga chimodzi pakati pa munda, osati m'mbali. Ndinabwera nacho m'thumba la jekete. Anachisenda, anatonola njere imodzi, anaidinda ndi chikhadabo, kenako anaiika m'kamwa.

"Masabata atatu," anatero. "Ine sindifikako."

Ndinayamba kunena zimene timanena, zoti Mulungu ndi wamkulu. Anandidula.

"Mvera, mkamwini. Anzanga adzabwera kudzakolola. Ndi mmene timachitira kuno, suchita kuwapempha. Adzabwera ndi makina awo. Koma sindikufuna kuti thirakitala yanga idzakhale m'khola anthu ena akugwira ntchito m'munda mwanga. Idzatuluke. Udzayendetse ndiwe."

Ndinati mwina pangapezeke wina wodziwa bwino.

"Kodi si paja munandiuza kuti ndili ndi mawu onse?"

Ndinati ndi momwemo, amalume.

Anamwalira mu Okutobala, chimanga chili chiimire.

Maliro akuno sindinawazolowerebe. Mwambo wonse, kutchalitchi ndi kumanda komwe, sunakwane maola awiri. Palibe analira mokweza. Anzanga a ku Indianapolis ndi a ku South Bend anabwera pa magalimoto atatu, azimayi atamanga zitenje pamwamba pa majekete, ndipo kumanda anayimba nyimbo imodzi ya kwathu. Alimi aja anaimirira manja m'matumba, akuyang'ana nsapato zawo. Mwana wathu wamkazi, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingelezi, anandinong'oneza kuti bambo wina wa ndevu akugwedeza phazi motsatira nyimbo. Ndinayang'ana, zinali zoona.

Anthu akubalalika, mayi wa famu yakumpoto uja anafika pamene panaima apongozi anga aakazi, mlongo wa malemuwo. Ndi mayi wa zaka za m'ma sikisite, wamfupi, wa mawu okhuthala ngati a mwamuna, amene wakhala akulima yekha chimwalirireni amuna ake. Sanawagwire dzanja, sananene kuti pepani. Anangoti, "Lachinayi," n'kumapita. Ndinafunsa apongozi kuti Lachinayi kuli chiyani. Anati kukolola.

Ndinapempha tchuthi kuntchito. Lachinayi ndinafika pa famu dzuwa likungotuluka, udzu uli mbuu ndi chisanu. Ndinapeza msewu wonse wadzaza: makombaini asanu, mathirakitala ndi ngolo zake, malole atandandalika mpaka pamphambano. Anthu ena ndinali nditawaona kumaliro, ena sindinawaonepo. Sindinamve wina akutchula dzina la malemu. Ankakamba za mvula imene inkayembekezeka madzulo, ndi zoti munda wonse uthe isanagwe. Mayi uja anakwera kumbuyo kwa galimoto yake n'kumagawa ntchito, akuloza ndi kapu ya khofi.

Atandiona anati, "Iwe, wachita bwino kubwera. Amayi a kutchalitchi akubweretsa chakudya masana, ukawathandize kunyamula matebulo."

Mkamwini wa kwathu satsutsa pagulu. Thupi langa linali litayamba kale kutembenukira kumene kunali matebulo. Koma makiyi a thirakitala anali m'thumba mwanga, ndipo ndinkawamva pantchafu.

"Mayi," ndinatero, mawu akutuluka aang'ono kuposa mmene ndinafunira, "amalume anati ndiyendetse ngolo yawo."

Bambo wina anayamba kuyang'anitsitsa mkati mwa kapu yake.

"Anatero?"

"Anatero, m'chipatala."

Mayiyo anatsika pagalimoto n'kubwera pafupi kuti ena asamve, koma mawu ake si obisika. "Ngolo ija ikadzaza imalemera kuposa nyumba yako. Ndipo ndikuuze zoona, poti iye sakanakuuza. Ankakuyendera pang'onopang'ono. Tonse tinkaona tikamadutsa pamsewu. Lero mvula ikubwera, ine sindichepetsa liwiro chifukwa cha munthu."

Ndiye yankho la funso limene ndinkaopa lija ndinalilandira pamaso pa anthu makumi awiri, ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Ndinati ndamva, komabe anandituma.

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kukhola la makina. "Uyenda pambali panga, kuti ndizikuona. Ukataya kawiri, utsika, akwera wina. Tamvana?"

Ndinati tamvana.

Thirakitala inalira bwino, ndipo geti ndinalidutsa lili chiimire. M'kati munali fungo lawo, la mafuta ndi timaswiti ta chifuwa timene ankasunga pambali pa mpando. Ndinadikira kumapeto kwa munda mpaka nyali ya pamwamba pa kombaini ya mayi uja inayamba kuphethira, kusonyeza kuti yatsala pang'ono kudzaza. Ndinanyamuka.

Liwiro lake linali lina. Mapesi ankalowa m'kamwa mwa makinawo ngati akuthawa moto. Ndinafika pambali, chitoliro chinatambasuka pamwamba panga, chimanga chinayamba kugwa m'ngolo ndi mkokomo umene ndinaumva m'msana. Ndinayang'ana kagalasi ka manambala a liwiro, ndinayang'ana kumbuyo kungolo, ndinayang'ananso manambala, n'kumawerengera m'mutu monga buku linanenera. Pamene ndinkamaliza masamu anga, kombaini inali itandisiya. Chimanga chinagunda m'mphepete mwa ngolo n'kumwazika pansi, chachikasu pa dothi lakuda. Mayiyo anatseka chitoliro. Wailesi inakhosomola.

"Kamodzi."

Ndinaganiza za thirakitala iyi ikuyendetsedwa ndi munthu wina, ine ndikunyamula matebulo. Palibe akanandinena. Apongozi akanati ndinayesetsa. Koma munthu amene anandituma sakanabweranso kuti ndimufotokozere.

Ndinavula chipewa changa chaubweya n'kuphimba nacho kagalasi ka manambala kaja. Ndinabwerera pambali pa kombaini, n'kuika maso pa tayala lake lakutsogolo, lalitali kuposa ine, la matope m'mizere yake. Likanditsogolera pang'ono, ndinkawonjezera moto pang'ono. Likabwerera, ndinkachepetsa. Kumbuyo sindinayang'aneko. Kulemera kwa ngolo ndinkakumva pa mpando, ndi pa kulira kwa injini kumene kunkanka kukhuthala. Wailesi inati, "Pita." Ndinapatuka, n'kupita kumsewu kukakhuthulira mu lole, ndipo woyendetsa lole anandikwezera chala chimodzi.

Kuyambira pamenepo sindikumbuka ulendo umodziumodzi. Ndimakumbuka fumbi la makoko likuuluka ngati ngumbi, ndi makombaini asanu atandandalika mokhotakhota, uyu patsogolo pang'ono pa uyu, munda ukucheperachepera pakati pawo. Ndimakumbuka agwape awiri akutumphuka m'chimanga chotsala n'kuthawira kungalande. Ndinadzipeza ndikuyimba nyimbo imene amayi anga ankayimba popalira, imene ndinkaganiza kuti ndinaiiwala. Masana tinaima mphindi zochepa. Amayi a kutchalitchi anali atayala chakudya pa matebulo amene ananyamula munthu wina. Tinadya chiimire. Bambo wa ndevu uja anandifunsa ngati kwathu timalima chimanga. Ndinati timalima, ndi khasu. Anafunsa kuti munda waukulu bwanji. Ndinaloza kuchokera pamene tinaima mpaka pa lole yachiwiri. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti ndi khasu ndi waukulu ndithu.

Cha m'ma 3 koloko mitambo inadetsa kumadzulo ndipo mphepo inasintha. Tinatsala ndi chigawo cha kumapeto, chakufupi ndi ngalande, kumene munda umathera pangodya yopapatiza. Ngolo yanga inali itatsala pang'ono kudzaza pamene tinafika pokhota. Mayiyo anakhota, ine ndinakhota naye, koma tayala la ngolo lakumanzere linalowa pofewa. Ndinamva ngolo ikupendama, thirakitala ikukokedwa chammbuyo. Buku limanena zoyenera kuchita pamenepo, tsamba lake ndikulidziwa, koma phazi langa silinadikire buku. Ndinawongola chiwongolero, n'kupatsa moto mosadukiza, ndipo ngolo inazuka n'kukhala bwino. Pozukapo inakhutula chimanga chapamwamba, mulu ndithu, mwina matumba awiri.

Ndinadikira mawu a pawailesi. Dzanja linali kale pa giya kuti ndiime nditsike. Wailesi sinalankhule. Kombaini inapitirira, chitoliro chili chitambasukire, chikundidikira. Ndinaithamangira.

Tinamaliza madontho oyamba akugwa pagalasi. Makina anazima amodziamodzi, ndipo kunagwa bata loti ndinamva makutu akulira. Munda umene m'mawa unali khoma lotalika unali tsopano chiputu chokhachokha, ndipo nyumba yoyera inkaoneka kuchokera kulikonse, yaing'ono kuposa mmene ndinkaidziwira. Ndinayembekeza kuti wina alankhula, mwina pemphero, mwina mawu awiri okumbukira malemu. Kwathu pakanaimirira anthu anayi, aliyense n'kuyamba ndi kunena kuti sachulutsa mawu. Apa amuna aja anaima pafupi ndi makina awo, ena anavula zipewa kwa kamphindi, kenako anakwera n'kumatuluka pageti motsatana. Apongozi anga anaima pakhonde akukweza dzanja kwa aliyense.

Ndinabweza thirakitala m'khola, n'kupachika makiyi pa msomali wake. Kenako ndinatenga ndowa ziwiri n'kuyenda wapansi kupita kungodya kuja. Mwana wa mlimi wa khasu sangagone chimanga chili pansi. Ndinagwada m'matope n'kuyamba kuwola ndi manja, mvula ikundilowa m'khosi, ndikudziwerengera mlandu: kawiri, ndipo kachiwiriko anangondichitira chifundo, monga ankachitira amalume.

Ndinamva galimoto ikubwera m'chiputu. Inaima pafupi nane, galasi linatsika. Anali mayi uja, tsitsi lodzaza makoko. Anayang'ana ndowa, anayang'ana ine.

Ndinati, "Pepani mayi, apa ndinataya kachiwiri. Munayenera kunditsitsa."

"Zisiye zimenezo," anatero. "Pangodya pano iye ankatayapo chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse ankanena kuti wasiyira dala atsekwe akutchire. Bodza lenileni, ankangolephera kukhota. Ndipo usaganize kuti ndinakuchepetsera liwiro, ine sindine malume ako. Loweruka tikukolola soya kwanga, ndipo wa ngolo wanga wapita ku ukwati. Ufike seveni. Chipewa chija udzachiikenso pomwe unachiika."